Mitengo Imene Nkhwangwa Inaiopa: Mbiri ya Misitu ya Kumanda

Munthu woyenda pamsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amaona dziko loyera mbee mbali zonse ziwiri. Minda imakhala itasosedwa kale, mapesi atatenthedwa, ndipo mitengo imene imaoneka apo ndi apo ndi ya mango, ya bulugamu ndi ya malaina yozungulira nyumba za anthu. Koma akayenda kamtunda pang'ono, maso ake amagwa pa kamsitu kobiriwira ndi kothithikana, koima pakokha pakati pa minda. Akapitirira amaonanso kena, patsogolo pake kenanso. Mlendo angathe kuganiza kuti timisitu timeneti ndi ta boma kapena ta eni maesiteti. Mwana wa m'deralo safunsa ayi. Iye amadziwa kuti kumeneko ndi kumanda, ndipo agogo ake anamuuza kale kuti kumanda sikulozedwa ndi chala.

M'madera ambiri a chigawo chapakati ndi chakummwera, mitengo yachilengedwe ikuluikulu imene yatsala kunja kwa nkhalango za boma ili kumanda. Palibe mlonda amene analembedwa ntchito yoilondera, ndipo palibe waya amene anaitchinga. Inasungidwa ndi mwambo, ndiye kuti ulemu ndi mantha amene anthu amoyo anali nawo pa akufa awo. Nkhani ino ikulondola m'mene mwambowo unagwirira ntchito, zimene unapulumutsa pamene dziko lonse linali kusintha, ndiponso pamene mphamvu yake ikulekezera.

Mudzi wosasamuka

Kale midzi ya Achewa ndi Amang'anja sinali kukhalitsa pamalo amodzi. Nthaka ikaguga, kapena imfa zikachuluka, kapenanso nkhondo ikayandikira, anthu anali kusamuka nasiya bwinja. Nyumba za mitengo ndi udzu zinali kugwa pakapita madzinja awiri kapena atatu, ndipo tchire linali kumeranso pamene panali bwalo. Koma manda sanali kusamuka. Mfumu ikalandira malo inali kupatula tchire lina kuti likhale logonamo anthu ake, ndipo kukhala ndi manda akeake chinali chimodzi mwa zizindikiro zakuti mudzi ndi woima pawokha. Popeza Achewa amatsata mtundu kuchikazi, mkamwini akamwalira kuchikamwini mtembo wake kawirikawiri unali kubwezedwa kwawo, kuti akagone pamodzi ndi abale ake a bere limodzi. Motero manda anali umboni wakuti dzikolo ndi la banja lakutilakuti, ndipo kufikira lero milandu ya malire ndi ya ufumu ikavuta, akuluakulu amafunsa kuti makolo a munthuyo anagona kuti.

Malo olemekezeka chotere anali ndi malamulo ake. Munthu sanali kulowako popanda chifukwa. Maliro akachitika, mfumu ndiyo inali kuloleza adzukulu kulowa ndi makasu ndi nkhwangwa, ndipo iwo anali kudula chokhacho chimene chatsekereza dzenje. Nkhuni za kumanda sizinali kusonkhedwa pamoto wophikira nsima. Chipatso chikagwa kumeneko chinali kuwolera pansi, bowa anali kumera ndi kufota osazulidwa, ndipo nyama ikathawira m'menemo mlenje anali kuitana agalu ake nabwerera. Woswa malamulowa anali kuzengedwa mlandu pabwalo la mfumu nalipira nkhuku kapena mbuzi. Komabe chimene anthu anali kuopa koposa chindapusa chinali mkwiyo wa mizimu, umene unali kuyembekezeka kugwera iye mwini, ana ake, ngakhalenso mudzi wonse.

Kumidzi imene ili ndi mzinda kunali mpanda wachiwiri, ndiwo gule wamkulu. Dambwe kawirikawiri limakhala kumanda kapena pafupi nawo, ndipo munthu wosameta sayandikira kumeneko ngakhale nkhuni zitasowa chotani. Chomwecho msitu unali kubisa zinsinsi za gule, ndipo gule anali kuteteza msitu. Njovu ndi mkango zinatha kalekale m'chigwa cha Lilongwe, koma pamaliro a munthu wamkulu zilombo za maina omwewo zimatulukabe kumanda pamodzi ndi kasiyamaliro, ndipo ana amene sanaonepo nyamazo m'tchire amazidziwira pabwalo. Bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu kukhala chimodzi mwa chuma chachikulu cha chikhalidwe cha anthu m'chaka cha 2005, koma ochepa okha ndiwo amakumbukira kuti guleyo ali ndi nyumba yake, ndipo nyumbayo ndi ya mitengo yamoyo.

Chitsanzo chachikulu koposa cha manda osunga nkhalango chili m'boma la Nsanje. Mbiri ya Amang'anja imati M'bona, woitana mvula uja, ataphedwa ndi adani ake, mutu wake unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, ndipo pamenepo panamangidwa kachisi. Kuyambira nthawi imeneyo kudula mtengo kapena kusaka nyama m'nkhalangomo ndi choletsedwa. Amati M'bona amabwera kwa mkazi wake Salima ali ngati nsato, monganso Achewa a ku Msinja anali kunena za njoka yotchedwa Thunga pa kachisi wa Makewana. Wansembe wina wofufuza za chikhalidwe, Matthew Schoffeleers, analemba mbiri ya kachisi wa M'bona m'buku lake la River of Blood la mu 1992, ndipo mu 2011 dziko la Malawi linaika Khulubvi pamndandanda wa malo amene likufuna kuti UNESCO idzawazindikire. Chimene Khulubvi ali kwa Amang'anja onse, manda a m'mudzi ali chomwecho kwa banja limodzi.

Manda a kumishoni

Azungu ena amene anafera m'maiko ano anaikidwa monga eni dziko, ndiye kuti pansi pa mitengo. Mary Livingstone anamwalira pa 27 Epulo 1862 ku Shupanga m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, naikidwa patsinde pa mlambe waukulu. Mwamuna wake, David Livingstone, atamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, Susi, Chuma ndi anzawo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu, umene kuno umatchedwa muula, ndipo Jacob Wainwright anazokota dzina lake pathunthu la mtengowo. Mu 1899 mtengowo utayamba kufumbwa unadulidwa, ndipo chigawo cholembedwacho chinatumizidwa ku London. Ku Cape Maclear, kumene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875 isanasamukire ku Bandawe mu 1881, manda a amishoni oyambawo alipobe pakati pa mitengo ndi miyala, anyani ndi apusi akudutsa pambali.

Koma mishoni zitakhazikika, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Mua mu 1902, kunabadwa manda a mtundu wina. Akhristu anapatulidwa kuti asaikidwe ndi miyambo ya makolo, ndipo manda awo anali a mizere yowongoka, okhala ndi mitanda, olambulidwa ndi kusesedwa. M'malo mwa tchire munabzalidwa maluwa ndi mitengo yochokera kunja. Kwa Mkhristu ulemu kwa akufa unaoneka m'kuyeretsa malo awo, pamene kwa makolo unali kuoneka m'kuwasiya osawasokoneza. M'zaka za m'ma 1920 mkangano pakati pa mishoni ndi eni mizinda unakula kwambiri, makamaka kufupi ndi Mua, ndipo unali kukhudza ana asukulu, maliro ndi madambwe. Patapita zaka makumi asanu zinthu zinatembenuka, pakuti pa Mua pomwepo Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene chikhalidwe cha gule chimasungidwa ndi kuphunzitsidwa. M'midzi yambiri Akhristu ndi osapemphera anapitiriza kugona m'msitu umodzi, ndipo ichi chinathandiza kuti misitu ya kumanda isatayike pamene mipingo inali kukula.

Fodya, makasu ndi kuchuluka kwa anthu

Pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Angelezi mu 1891, manda sanali kuoneka patali monga lero, pakuti anali msitu pakati pa misitu inzake. Chimene chinawasandutsa zilumba ndi kutha kwa nkhalango zowazungulira. M'chigawo chapakati ntchitoyi inafulumira kuyambira mu 1920, pamene A. F. Barron anayamba ulimi wa fodya kufupi ndi Lilongwe ndipo alimi a m'midzi anaphunzira kulima fodya wa chikopa, amene amawamba ndi utsi wa nkhuni. Mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira fodya wa alimi achikuda, ndipo m'chaka chomwecho a zankhalango anayambitsa ndondomeko yakuti mudzi uliwonse upatule nkhalango yake. Nkhalango ya Dzalanyama inali itatetezedwa kale ndi lamulo mu 1922. Nkhalango zambiri za m'midzi zimene boma linalimbikitsa zinatha m'kupita kwa zaka, koma manda, amene sanalembedwe m'buku lililonse la boma, anakhalabe chilili.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nkhwangwa inathamanga koposa kale. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anafalikira ku Kasungu, ku Mchinji ndi kwina, ndipo fodya wowamba m'mabani anali kudya nkhuni usana ndi usiku. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, amene zigafa zake zimafuna mitengo yambiri. Pamwamba pa izi panali kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa mu 1966 anapeza anthu oposa pang'ono 4 miliyoni, wa mu 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni, ndipo wa mu 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ku Mozambique anakhala m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ndipo iwonso anafuna nkhuni ndi milimo. Banja lililonse latsopano linafuna munda, nkhuni, makala ndi uvuni wa njerwa.

Boma silinangokhala chete. Tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse linayambika mu 1976, ndipo lamulo latsopano la zankhalango linakhazikitsidwa mu 1997. Koma mitengo yambiri imene inabzalidwa m'masukulu ndi m'midzi inali yochokera kunja, monga bulugamu, malaina, paini ndi keshya, chifukwa imakula msanga. Mitengo imeneyi inathandiza pa nkhuni ndi milimo, koma sinabwezere nkhalango imene inatayika. Pansi pa bulugamu sipamera bowa wa m'miombo, ndipo masamba a malaina sadyetsa mphalabungu. Wofuna kudziwa m'mene dziko la kwawo linali kuonekera agogo a agogo ake ali ana, ayenera kuima m'mphepete mwa manda ndi kuyang'ana m'kati.

Zimene zili m'katimo

Mitengo ya kumanda imasiyana malinga ndi nthaka ndi dera. Kumtunda, pa nthaka ya mchenga, kumapezeka mombo, tsamba, msuku, muwanga, mlombwa ndi msolo, mtengo umene makolo anali kuthira nsembe patsinde pake. Pa nthaka yachonde pamakhala mthethe, chitimbe, mkuyu, kachere ndi mpasa, ndipo m'mbali mwa mitsinje mumaima mbawa zazitali. Kuchigwa cha Shire ndi kunyanja kuli milambe, bwemba, msikidzi ndi njale. Pakati pa mitumbira pamaonekanso nkhadze, imene anthu anali kubzala ngati chizindikiro chifukwa siuma msanga. Popeza nthambi za mitengoyi zimakumana pamwamba, udzu sukula kwambiri pansi pake, kotero kuti moto wa lupsa ukafika m'mphepete umafooka. Masamba amagwa ndi kuwolera pomwepo chaka ndi chaka, ndipo dothi la kumanda ndi lakuda ndi lachinyontho kuposa la m'minda yoyandikana nayo.

Nzoona kuti kamsitu ka ekala imodzi kapena awiri sikangasunge njati kapena mkango. Zamoyo zake ndi zing'onozing'ono, koma ntchito yake ndi yaikulu. Mtengo wakale umakhala ndi mphako, ndipo m'mphako ndimo mumagona changa, mumaswera kadzidzi, ndiponso mumamanga njuchi. Njuchi zimenezo sizidziwa malire a manda, ndipo m'mawa zimapita kukanyamula mungu m'maluwa a maungu ndi a mpendadzuwa m'minda ya anthu omwe amaopa kulowa kwawo kwa njuchizo. Kadzidzi ali ndi mbiri yoipa, pakuti akalira padenga anthu amati kugwa maliro, ndipo ambiri amamugenda poganiza kuti ndi wa afiti. Koma chakudya chake chachikulu ndi mbewa ndi makoswe, ndipo banja limodzi la akadzidzi limatha mazanamazana pachaka, omwe akadadya chimanga m'munda ndi m'nkhokwe. M'ziyangoyango mumabisala nkhwali, nkhanga, nyenga ndi akalulu, ndipo m'madera ena apusi, gwape ndi nsato akupezekabe.

Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo a sayansi anapeza kuti pakati pa tizilombo ta m'nkhuyumo pali timavu ting'onoting'ono timene mkuyu sungabereke popanda ito. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa chipatso, ndipo kamavu kakakazi kamalowa pa kabowo kakang'ono katanyamula mungu wa mkuyu wina, nikaikira mazira m'menemo. Pafupifupi mtundu uliwonse wa mkuyu uli ndi mtundu wake wa timavu. Mikuyu siibereka yonse nthawi imodzi, ndipo chifukwa cha ichi apumbwa, njiwa, apusi ndi mileme amapeza chakudya ngakhale m'miyezi imene zipatso zina palibe. Mileme ikadya nkhuyu kapena masuku usiku imauluka nikataya njere kutali, ndipo ndi mwa njira imeneyi kamsitu ka mudzi wina kamatumizira mbewu kamsitu ka mudzi wina.

Mitengo ya miombo ili ndi khalidwe lina limene limakweza mtengo wake wa manda. Mombo ndi tsamba zimabereka zikhokhombe zonga za nyemba, zimene zimaphulika dzuwa likatentha m'chilimwe ndi kumwaza njere pafupi pomwepo, mapazi makumi owerengeka kuchokera patsinde. Njerezo sizikhalitsa m'nthaka ndipo siziuluka ndi mphepo. Miombo ikadulidwa imaphukanso pazitsa ndi pamizu, koma zitsa zikazulidwa ndipo malo akalimidwa zaka zambiri, nkhalangoyo sibwerera yokha pokhapokha pafupi patakhala mtengo waukulu wobereka. Ndiponso mizu ya miombo ndi ya misuku imakhalira limodzi ndi bowa wa m'nthaka, amene amaithandiza kuyamwa chakudya, ndipo ndiye chifukwa chake bowa wambiri wodyedwa amamera m'miombo mokha. Tsono manda akusunga zinthu ziwiri zimene nazale sangazipange, ndizo mitengo yobereka njere ya m'dera lomwelo, ndi dothi lamoyo limene mbande zake zimafuna.

Pamene mwambo ukulekezera

Mwambo unaletsa nkhwangwa, koma pali adani ena amene makolo sanawaikire lamulo chifukwa sanawaone. Woyamba ndi kudzaza kwa manda. Matenda a Edzi atapezeka m'dziko lino mu 1985, imfa zinachuluka kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo adzukulu anali kulowa kumanda mowirikiza kuposa m'mbadwo wina uliwonse wokumbukika. Dzenje lililonse limadula mizu, ndipo anthu operekeza maliro amaponda mphukira. Kale mtembo unali kukulungidwa m'mphasa, ndipo mtumbira unali kutitimira pang'onopang'ono mpaka tchire kuutenganso. Lero pali bokosi la matabwa, limene nalonso ndi mtengo wodulidwa kwina, ndipo pamwamba pake pamamangidwa chiliza cha njerwa ndi simenti. Chiliza ndi chikondi cha ana kwa kholo lawo, ndipo palibe angachinyoze. Komabe pa simenti sipamera kanthu, ndipo ziliza zikaundana mazana, msitu umatsala ndi mitengo yakale yokhayokha yopanda ana.

Mdani wachiwiri ndi mbuzi ndi ng'ombe, zimene zimalowa m'chilimwe msipu ukasowa ndi kudya mphukira zonse. Wachitatu ndi khasu la mwini munda woyandikana, limene limabudula mzere umodzi chaka chino ndi wina chaka chamawa, kufikira mitengo ya m'mphepete itaima poyera pamene mphepo ndi moto zimaipeza mosavuta. Palinso zitsamba zochokera kunja monga lantana, zimene zimayanga ndi kutsamwitsa mbande. Ndipo kufupi ndi matauni, kumene thumba la makala lili ndi mtengo wokwera ndipo anthu ambiri ndi obwera amene makolo awo sanagone pamenepo, mantha akale akuchepa, kotero kuti mafumu ena amadandaula za mitengo yodulidwa usiku kumanda.

Mavuto otere si a dziko lino lokha, ndipo kwawo kwa ena mwa amishoni, ku Scotland ndi ku England, anthu anaphunzira phunziro lomweli mochedwa. Kumeneko akufa anali kuikidwa m'bwalo lozungulira tchalitchi, ndipo mabwalo ambiri otere akhala osalimidwa zaka mazanamazana. M'mudzi wa Fortingall ku Scotland, m'bwalo la tchalitchi, muli mtengo wotchedwa yew umene akatswiri ambiri amati uli ndi zaka pakati pa 2,000 ndi 3,000, kutanthauza kuti unalipo Chikhristu chisanafike kumeneko. Anthu atayamba kuubenthula ndi kusonkha moto patsinde pake, mu 1785 anaumangira mpanda wa miyala, ndipo ulipobe. Pakati pa zaka za m'ma 1930 ndi chaka cha 1984, madambo a udzu ndi maluwa achilengedwe a m'zigwa za England ndi Wales anatha ndi magawo 97 pa 100 alionse chifukwa cha mapulawo ndi feteleza. Pamenepo akatswiri anazindikira kuti maluwa amene anasowa m'minda anali kumerabe pakati pa manda, ndipo pamiyala ya pamandapo anapeza mitundu yoposa 600 ya ndere zouma zimene Angelezi amati lichen.

Chodabwitsa nchakuti mdani wamkulu kumeneko anali ukhondo womwe uja umene amishoni anabwera nawo kuno. Makina otchetchera anali kumeta udzu sabata ndi sabata maluwa asanabereke njere, mankhwala ophera udzu anali kuthiridwa, ndipo miyala inali kukwechedwa. M'zaka za m'ma 1980 mipingo ndi okonda zachilengedwe anayamba kuphunzitsa osamala matchalitchi kuti azitchetcha tinjira ndi pozungulira manda ochezeredwa, koma mbali zina azizisiya mpaka maluwa atamwaza njere. Bungwe la Caring for God's Acre, limene linaima palokha mu 2000, likupitiriza ntchito imeneyo. Ku Ethiopia nako, kumene nkhalango zakale za kumapiri zinatsala pozungulira matchalitchi a mpingo wa Orthodox, katswiri wa zankhalango Alemayehu Wassie anaonetsa kuti ziweto ndizo zinali kupha mphukira, ndipo ansembe pamodzi ndi anthu awo anayamba kumanga mipanda ya miyala kuzungulira nkhalangozo. M'maiko onse awiriwa chipembedzo chinali chitateteza mitengo yakale, koma panafunika nzeru yoonjezera kuti ing'onoing'ono ikule.

Nzeru yotere siisowa ndalama zambiri kapena lamulo lochokera ku likulu, pakuti ulamuliro wa manda uli kale m'manja mwa mafumu ndi anthu awo. Mfumu ingathe kuyenda malire a manda ake pamodzi ndi eni minda yoyandikana, ndi kubzala mpanda wa nkhadze kapena wa khonje kuti khasu ndi mbuzi zidziwe polekezera. Ingathe kulamula kuti m'mphepete mulambulidwe moto usanafike, ndi kupatula malo atsopano oikapo maliro akale asanadzaze, nkubzalamo mitengo yachilengedwe pamalo pa bulugamu. Mipingo imene imapita kukalambula manda ingathe kusesa pamitumbira ndi kusiya mphukira zimene zili pakati pake. Ndipo ngati akuluakulu a mudzi atavomereza, munthu mmodzi wodalirika angathe kuloledwa kutola njere za mbawa, mlombwa ndi msuku pa nyengo yake, kuti mudzi udzutse nazo nkhalango pamapiri ndi m'mbali mwa mitsinje imene yatsala yambee. Chinthu chotere chiyenera kuyamba ndi chilolezo cha eni mwambo, chifukwa mlendo wolowa kumanda mwachipongwe, ngakhale atanyamula mabuku a sayansi, amagwetsa mpanda womwewo umene wasunga mitengoyo.

Akuluakulu amati mmera mpoyamba. Mbawa imene yaima kumanda lero, imene anthu awiri sangaikumbatire, inali mphukira yofika m'bondo pa tsiku lina la maliro, zaka zambiri zapitazo. Adzukulu a tsiku limenelo anaiona ili pamalo pamene anafuna kukumba, ndipo wamkulu wawo anasuntha chingwe choyezera pang'ono kuti khasu liilambalale. Maina awo anaiwalika, ndipo iwo eni anagona pansi pa mthunzi wake. Adzukulu a lero amakumana ndi mphukira zotero nthawi zonse akalowa ndi makasu mbandakucha, ndipo zimene amachita nazo m'kamphindi kameneko ndizo zidzaonetse ngati woyenda pamsewu wa ku Kasungu adzaonabe timisitu tija zaka makumi asanu zikubwerazi.